Kodi "pakadafunda padajiwitsa galu" zikugwirizana bwanji ndi sampu yodontha?

Akuluakulu, ndithandizeni. Achimwene anga ali ndi Altezza, galimoto yotsika kwambiri, ndipo sampu yake, kachidebe ka pansi pa injini kosungira oilo, yayamba kudontha oilo. Sikuti ikukhuthuka, koma m'mawa uliwonse pamchenga pamakhala podetsedwa. Iwo akuti azingothira wina mpaka mwezi uthe. Makaniko wachikulire ku Nchalo atamva zimenezo anati, "Bambo, pakadafunda padajiwitsa galu." Mawu oti "padajiwitsa" sindinawamvepo. Komanso akuti "pakadafunda," kodi amanena za injini yotentha, kuti tisamange boti isanazizire?

Wa ku Ngabu:
Ayi mwana wanga, si za injini. Kujiwa ndi kudyedwa, ndimo amayankhulira agogo athu. Galu adagona paphulusa lofunda usiku, anzake atalowa, iye ati ndichoka pakazizira. Fisi adamupeza pomwepo. Mkuluyo akuuza achimwene akowo kuti akukomedwa chifukwa galimoto ikuyendabe. Kuno Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, oilo amapyapyala, ndiye mukwere chitunda cha Thabwa ali wochepa, mudzamva injini ikugogoda.

Wa ku Bangula:
Tanthauzo ndi lomwelo, koma funso la mtsikanayu lisatayidwe. Oilo amakhutulidwa injini ikadali yofunda kuti atuluke bwino. Pomanga boti ya pansi yokhutulira oilo mpamene ambiri amawonongera. Pamakhala kawashala ka kopa kapena aluminiyamu kamene kamaphwatalala kamodzi kokha, ndiye kamasinthidwa nthawi iliyonse. Anyamata amabwezera kakale n'kukoka ndi sipanala yaitali mpaka mazinga kutha. Zimandipweteka mtima, chifukwa kawashalako mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Choyamba tsukani injini, muyende pang'ono, muone kumene oilo akuchokera. Kawirikawiri amatsetsereka kuchokera pamwamba, pachivundikiro cha mavavu, anthu n'kumanamizira sampu. Akakhala kuti akuchokeradi m'mphepete mwa sampu, muichotse, mupale silikoni yakale yense, pakhale pouma popanda mafuta. Watsopano mupake kamzere kochepa. Akachuluka amafinyikira m'kati, zidutswa n'kukatseka sefa imene pampu imakokera oilo, vuto loposa kudonthako. Timaboti ta sampuyo mumange mopingasa, pang'onopang'ono, pafupifupi 10 Nm basi pa sipanala yoyezera kulimba kwa boti, ndipo musathire oilo silikoniyo asanaume.

Wa ku Ngabu:
Onaninso ngati sampuyo sinaphwanyike pansi. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu 2023 misewu yambiri ya kuno ili ndi maenje ndi miyala, galimoto yotsika imagunda.

Wofunsa:
Zikomo bambo. Ndiye "kujiwa" kuja ndi Chimang'anja chokha kapena kumtunda amateronso? Achimwene ndawatumizira, akuti apita nayo kugalaja Loweruka.