Kodi mawu a Lord Macaulay onena za Africa amene akufala pa WhatsApp ndi oona?

Wokonda mbiri:
Moni nonse. Pali uthenga umene ukufala pa WhatsApp ndi pa Facebook, wonena kuti pa 2 February 1835 Lord Macaulay, wandale ndi wolemba mbiri wa ku Britain, anauza aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Britain kuti anayendayenda mu Africa yense osaona wopemphapempha kapena wakuba, ndipo kuti njira yogonjetsera anthu otere ndi kuwononga maphunziro ndi chikhalidwe chawo. Ndisanautumize kwa ena, ndikufuna kudziwa ngati anayankhuladi zimenezi, komanso mmene munthu wamba angafufuzire nkhani zotere.

Mphunzitsi wopuma:
Mwachita bwino kufunsa. Mawuwo ndi opeka. Pa nkhani iliyonse ya mbiri yakale, muziyamba mwafunsa kumene munthuyo anali pa tsiku limene latchulidwalo. Macaulay anafika ku India mu 1834 ndipo anabwerera kwawo mu 1838, choncho sakanaimirira m'nyumba ya malamulo ku London mu February 1835, makamaka poti masiku amenewo ulendo wa pa sitima ya pamadzi unkatenga miyezi ingapo. Zokamba za aphungu a ku Britain zimasungidwa mu Hansard, imene aliyense angathe kuiwerenga pa intaneti, ndipo mawu amenewa mulibe. Uthengawu unayamba kufala ukunena za India, kenako wina anangochotsa dzinalo n'kuikapo Africa.

Tsikulo lokha ndiye lenileni, chifukwa ndi limene lili pa chikalata chimene Macaulay analemba ali ku India, cholimbikitsa kuti ndalama za boma zithandize maphunziro a m'Chingelezi. Opeka mabodza amakonda kubwereka tsiku loona kuti nkhani yawo imveke yodalirika.

Mayi wowerenga:
Bambo mphunzitsi, sindikutsutsa zimene mwafotokozazi. Komabe ndikuona kuti ngakhale mawuwo sanatuluke pakamwa pake, akunena zimene atsamunda anachitadi. Kodi n'kulakwa kuwagwiritsa ntchito pofuna kutsegula maso achinyamata?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, nkhawa yanu ndaimva, koma ndikukhulupirira kuti n'kulakwa ndithu. Mwana amene mwamuphunzitsa ndi mawu opeka, tsiku limene adzazindikire kuti anali abodza adzayamba kukayikira ngakhale zoona zimene munamuuza, ndipo anthu ofuna kuchepetsa nkhanza za atsamunda amadikirira mpata wotere. Umboni weniweni ulipo wochuluka. M'chikalata chomwechi, Macaulay analemba kuti shelefu imodzi ya mabuku abwino a ku Ulaya imaposa mabuku onse a ku India ndi ku Arabia. Kunyoza kumeneku analemba yekha, ndipo palibe angakane. Onaninso kuti uthenga wopekawo ukumuonetsa ngati munthu wogoma ndi chikhalidwe cha anthu olamulidwa, pamene iye ankachipeputsa poyera.

Wojambula zithunzi:
Ine ndiwonjezereko za zithunzi, poti n'zimene zimapusitsa anthu ambiri masiku ano. Luso lojambula ndi kamera linayamba kufalikira mu 1839, choncho mukaona chithunzi chooneka ngati cha kamera chimene akuti ndi cha Shaka, amene anamwalira mu 1828, kapena cha Mansa Musa, mfumu ya ku Mali ya m'zaka za m'ma 1300, dziwani kuti ndi cha munthu wina kapena chapangidwa pa kompyuta. Chithunzi chokayikitsa muzichiika mu Google Lens kapena TinEye kuti muone kumene chinaonekapo kale ndi mawu amene chinali nawo poyamba. Mabungwe monga Africa Check, limene linayamba ku Johannesburg mu 2012, amafufuzanso mauthenga ofala, choncho ndi bwino kuona kaye ngati analembapo za nkhani imene mwalandirayo.

Wokonda mbiri:
Zikomo nonse. Ndifunafuna chikalata cha 1835 chija kuti ndichiwerenge chonse, ndipo ndicho ndiwatumizire anzanga amene akufalitsa uthengawu.