Ndiyambirenso kupalasa njinga kumapiri kapena ndingoiwala?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin mundibise dzina chonde, alamu anga ali momwemuno. Kale ndinkapalasa njinga pa phiri la Zomba, kuchoka m'tauni kukwera mpaka Ku Chawe, kenako misewu yafumbi yolowera ku Chingwe's Hole. Ndinasiya nditagwa. Pano mimba yatuluka, kuntchito ndimangokhala pampando, mtima ukufuna ndiyambirenso. Koma mayi akunyumba sakufuna n'kumva komwe. Akuti ndalama ya matayala ndi fizi ya mwana, chonsecho iwo chitenje cha chinkhoswe chilichonse amagula osandifunsa. Njingayonso mlamu wanga anaibwereka, inabwera rimu itapindika, pampu palibe, mpaka lero sanapepese. Ndibwerere kapena ukalamba wandipeza?

Mdala Wakabaza: Kkkkk anthu a ndalama inu! Ife timapalasa kuti ana adye, inu mukupempha malangizo kuti mukachite thukuta mwadala? Bwerani ndikupatseni yanga munyamule makasitomala, mimbayo itha mwezi umodzi.

Nachisale: Achimwene, munavulala pati ndipo adokotala anati chiyani? Zonsezi zidalira pamenepo.

Make Tada: Mkazi wanu akunena zoona. Mukathyoka amene adzagone pansi kuchipatala ndi iyeyo, osati ife a pa Facebook. Za chitenjezo zisiyeni, mwatiyalutsira mayi.

Che Fundi: Njinga yokhalitsa musangoikwera musanaiyang'ane. Matayala amang'aluka m'mbali ngakhale mapanga akuoneka atsopano. Ngati mabuleki ndi a mafuta, achotseni mpweya, ndipo a kampani ya Shimano amafuna mafuta otchedwa mineral oil. Wina akakuthirirani brake fluid ya galimoto, marabala amkati afufuma, mabuleki atha. Rimu ngati sinasweke amaiwongola ndi masipoko.

Mdala Wakabaza: Mabuleki amafuta a chiyani? Anyamata amatsika phiri lomwelo ndi nkhuni zoposa msinkhu wawo, buleki yake ndi chidutswa cha tayala kuphazi. Inu ma giya 21, helemeti, magolovesi, n'kumagwabe!

Che Fundi: Akulu, omwewo ndi angati amene amathera m'chikhakha? Simuwaona chifukwa salemba pano.

Mdala Wakabaza: Ine ndapalasa kuyambira nthawi ya a Muluzi, chipatala sindikuchidziwa. Mantha ndi amene amagwetsa munthu.

Bambo a Mphatso: Ine ndinanena chimodzimodzi. Ndinabwerera nditapuma nthawi yaitali, mutu unkakumbukira njira zonse koma manja anali ataiwala. Potsetsereka ndinagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu, ndinaulukira kutsogolo, fupa la paphewa thyo! Chowawa n'chakuti abwana anandidula malipiro, akuti ndinazifuna ndekha. Mpaka pano malaya ndimavala movutika kukazizira.

Mtumiki: M'bale, thupi ndi kachisi. Funsani kaye ngati chilakolako chimenechi n'chochokera kumwamba.

Nachisale: Ndafunsa kale, munavulala pati? Kusupuka bondo ndi kumenyetsa mutu n'zosiyana. Komanso ngati helemeti ndi yomwe munagwa nayo, itayeni, mkati imaphwanyika kamodzi basi ngakhale kunja ikhale yosalala. Mukayezetsenso BP musanalimbane ndi mtunda wa Ku Chawe.

Wa ku Mzimba: Musawamvere okuopsezaniwo. Kuno ku Luwawa kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga m'nkhalango ya Viphya, ndipo a imvi amamaliza bwinobwino. Munthu umagona tulo tabwino, shuga amatsika, nkhawa za kuntchito umazisiya m'mapaini. Ingoyambani ndi malo athyathyathya, kutsetsereka kudzabwera pambuyo.

Mtsikana wa pa Matawale: Dikirani mvula ithe, chakuma May. Dothi la pamwamba paja likanyowa limaterera ngati therere, ndiye nkhungu ikagwa simuona ngakhale lole ya matabwa ikubwera pakona. Njira yotsetsereka kwambiri ya Potato Path musaiyerekeze n'komwe. Zungulirani kaye cha ku damu la Mulunguzi, ndipo musapite nokha, netiweki imasowa malo ena.

Mdala Wakabaza: Therere lomwelo ife timadutsamo ndi thumba la makala kumbuyo. Ndipo mlamuyo musiyeni, njinga yongokhala m'nyumba ndi ya aliyense.

Make Tada: Apa ndiye mwalakwa akulu. Wobwereka abweze chinthu chili bwino.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. A Make Tada, sindinanyoze mayi, ndangonena zoona. Che Fundi, pampu yabwino ikupezeka pa ndalama zingati masiku ano? Ndikufuna mlamuyo ndimutumizire mtengo wake.

Nachisale: Achimwene. MUNAVULALA PATI?

Mdala Wakabaza: Pampu ndili nayo ine, ndigulitsa. Bwerani ku inbox.