Nyanja yasowa pa mapu nditangokweza ntchito yanga, thandizeni

Kadontho: Akuluakulu, ndapalamula. Dzulo ndimajambula nyumba ndi tinjira m'mbali mwa nyanja ina yaikulu ndithu pa OpenStreetMap (OSM), mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kujambulapo, ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya JOSM. Lero m'mawa ndatsegula mapu, nyanja yonse kulibe. Pamene panali buluu pangoti mbee, kwatsala zilumba ziwiri zokha zili pamtunda. Validator, chida cha mu JOSM chofufuza zolakwika, ndinaiyendetsa ndisanakweze ntchito yanga ku OSM ndipo sinadandaule chilichonse chokhudza madzi. Mtima suli m'malo, chifukwa nyanjayi anaijambula ndi anthu ena zaka zapitazo.

Mlondamzere: Pepani achimwene, koma mtima pansi, zimenezi zimakonzeka. Funso limodzi kaye: pa gombepo munafufutapo mzere wina uliwonse?

Kadontho: Eya, umodzi. Unalibe tag (kachizindikiro konena kuti chinthucho ndi chiyani) ngakhale imodzi, komanso unagona pamwamba penipeni pa malire a nkhalango. Ndinauyesa zinyalala zimene wina anaiwala. Kanabwera kauthenga kochenjeza, koma kunena zoona sindinakawerenge, ndinangodina.

Mlondamzere: Ndiye vuto ndi lomwelo. Nyanja yokhala ndi zilumba imajambulidwa ngati multipolygon, kutanthauza malo amodzi opangidwa ndi mizere ingapo. Ma tag ake, monga natural=water, amakhala pa relation, chimene chimamanga mizereyo kukhala gulu limodzi, osati pa mizere. Mizere ya gombe imaoneka yopanda kanthu, koma ndi imene yagwirizira nyanja yonse. Komanso mzere umodzi pa OSM sungapitirire ma node (timadontho topanga mzere) 2,000, choncho gombe lalitali limakhala zidutswazidutswa zolumikizana kumapeto, chilichonse chili ndi udindo wa outer (malire akunja), zilumba zili inner (malire amkati). Mukachotsa chidutswa chimodzi, mkombero sutsekeka, ndipo pulogalamu yojambula mapu siidziwanso kuti madzi ali mkati kapena kunja. Imangoisiya nyanja yonseyo.

Wamisewu: Bwezani changeset yonse, kutanthauza zonse munakweza pamodzi dzulo, ndi chida cha Reverter basi, nkhani ithe.

Nankungwi_wa_JOSM: Ayi bambo, pamenepo sindikuvomereza. Mu changeset imeneyo muli nyumba ndi njira zimene mnzathuyu wakhalira tsiku lonse, ndipo zilibe mlandu. Komanso ngati wina wagwirapo kale pa zinthuzo kuchokera dzulo, kubweza zonse kubweretsa ma conflict ambirimbiri, zosintha zanu kusemphana ndi za ena. Chatayika ndi mzere umodzi, tibweze umodzi womwewo.

A Kadontho, chitani izi. Tsegulani changeset yanu pa webusaiti ya OSM, mupeze nambala ya mzere munafufutawo. Mu JOSM ikani plugin ya Undelete, mulembe nambalayo kutsogolo kwake kuli w, mzerewo ubwerera pamodzi ndi ma node ake. Musaujambulenso ndi manja, chifukwa mbiri ya amene anaujambula poyamba ingatayike.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi chifukwa chake validator inakhala chete. Mukatsitsa kadera kakang'ono, relation imabwera yosakwanira: mizere ya kutsidya lina la nyanja simunaitsitse. Validator imayesa zokhazo zimene zili pa kompyuta yanu, ndipo singanene kuti mkombero watseguka pamene ikuona mbali imodzi yokha. Kukhala chete kwake sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Ine ndinaphunzira zimenezi nditaononga nkhalango yathunthu, ndipo ndinadziwa patapita sabata, munthu wina atandilembera pa changeset. Kuyambira pamenepo, mzere wopanda tag sindiukhudza ndisanaone kuti ndi wa relation iti. Mizere ikasanjikizana, dinani batani lapakati la mouse, JOSM ikuonetsani zonse zimene zili pamalopo.

Kadontho: Zikomo kwambiri mayi. Mzere wabwerera, ndaulowetsa mu relation ngati outer, ndatsitsanso ziwalo zonse za relation zimene zimasowa. Koma tsopano validator ikuti "Multipolygon is not closed". Ndayang'ana gombe lonse, mpata sindikuuona.

Nankungwi_wa_JOSM: Ndi maso simungauone. Mu windo la relation sanjani ziwalozo ndi batani la sort, kenako yang'anani kadanga ka kumanja kwenikweni. Mizere yolumikizana bwino imaonetsa mzere wosaduka wozungulira; pamene paduka pamaoneka timadontho tofiira. Sankhani chidutswa chimenecho, muyandikitse mpaka kumapeto kwake.

Kadontho: Ndapapeza! Pali ma node awiri, wina pafupifupi pamwamba pa mnzake, kutalikirana kwake sikukwana ndi mita. Ndikuganiza kuti ndinakoka mmodzi mwangozi nditadina G, batani lolekanitsa node yogawana kukhala awiri, pamene ndimalekanitsa malire a nkhalango.

Mlondamzere: Sankhani onse awiri mudine M, akhale mmodzi. Mukatero yendetsaninso validator ndi Shift+V. Onetsetsaninso kuti gombe silikudzipingasa lokha ngati nambala 8, komanso kuti chilumba chilichonse chili mkati mwa outer. Zimenezinso zimasowetsa nyanja.

Wamisewu: Chabwino, za Reverter ndagonja. Koma poti validator mwaitsegula, ikuonetsaninso machenjezo a misewu yodutsana ndi mitsinje. Chonde musangoika node pamphambano kuti chenjezo lichoke. Onani chithunzi bwinobwino. Ngati ndi mlatho, dulani msewu ndi P, kachidutswako mukapatse bridge=yes ndi layer=1. Ngati madzi akudutsa m'paipi pansi pa msewu, tunnel=culvert ipite pa mtsinjewo. Node yogawana ndi ya pamene anthu amawolokera m'madzi, ford=yes. Ngati chithunzi sichikuoneka bwino, siyani note, kauthenga ka pa mapu, kuti wodziwa malowo akaone. Ndakhala ndikukonza malo ambiri amene msewu anausokerera ku mtsinje pongofuna kuti mndandanda wa machenjezo ukhale woyera.

Kadontho: Ndamva akulu, misewuyo sindiikhudza lero. Ma node ndaphatikiza, mkombero watsekeka, validator yakhala chete relation yonse ili pa kompyuta. Ndakweza, ndipo pa ndemanga ndalemba kuti ndikukonza gombe limene ndinadula ndekha dzulo. Koma pa mapu nyanja sinabwerebe.

Mlondamzere: Musakwezenso kachiwiri. Zithunzi za mapu zimatenga nthawi kuti zijambulidwenso, makamaka mukayang'anira patali, ndipo browser yanu imasunganso zakale. Yandikitsani kwambiri mudine Ctrl+F5. Mawa mukaone pa OSM Inspector ya Geofabrik, gawo la Areas, komanso pa Osmose, mawebusaiti oonetsa zolakwika pa mapu. Zimenezo sizisintha nthawi yomweyo.

Kadontho: Pa zoom 16 madzi abwerera mbali ya kumpoto, chilumba chimodzi chazunguliridwanso ndi buluu. Kum'mwera kukadali mbee, ndidikira. Mawa ndikaona pa Inspector ndidzakuuzani.