Za tsiku la zakulera pa kachipatala kathu

Wapampando: Abale, ndalama ya mafuta a galimoto ya anamwino yakwana. Abweretsa jakisoni wa Depo, Jadelle woika pamkono, lupu, komanso azitseka amayi ofuna. Pali pempho loti zotsekazo tizichotse. Tiyeni timve.

Nachisale (Joni): Pempholo ndi langa, sindibisa. Mng'ono wanga anatseketsa ali ndi zaka 26, ana atatu. Banja lija linatha. Bambo amene ali nawo pano akufuna wawo mwana, ndiye mtsikana akungozungulira kwa asing'anga, mbuzi ziwiri zapita kale. Ndalama yanga isakagule misozi ngati imeneyo.

Nangozo: Pepani achemwali, koma mukumbukirenso alamu anga. Mimba yachisanu ndi chinayi tinawanyamula pa ngolo usiku, magazi ali chuchuchu, nyali ili ya pafoni. Iwo anafuna kutseketsa kalekale, chinawakanika ndi thiransipoti yopitira ku boma. Tikachotsa, tikulanga amenewa.

Nachisale (Joni): Ndiye tiike malire. Zaka 35, ana anayi kupita m'tsogolo.

Mlembi: Aziwerengera anthu ana pakhomo ndani? Ine ayi.

Anamwino opuma: Nachisale mwanangu, sukunama. Amene amatseketsa asanafike zaka 30 ndiwo amadandaula kwambiri pambuyo pake, ndipo kutsegulanso ndi opaleshoni yovuta yomwe nthawi zambiri siphula kanthu. Koma ine ndagwira ntchitoyi mpaka imvi. Mayi ukamukaniza, sabwerera kukaganiza bwino ayi, amabwera ndi mimba ina. Chimene ndinkachita n'kumukhazika pansi payekha, apongozi ali panja. Ndimufunse: bambowa atamwalira, kapena mwana atakusiya, udzafunanso? Ndimuonetse Jadelle wa zaka 5, lupu wa zaka 10, zochotseka tsiku lililonse. Ena ankasintha okha maganizo. Wina akati ndatopa amayi, ndinkamukhulupirira, thupi ndi lake. Choopsa ndi chipwirikiti cha tsiku limodzi, mzere wautali, uphungu wa mphindi ziwiri.

Nangozo: Ndiye tilipire maulendo awiri. Loyamba uphungu okhaokha, otsekawo abwere patatha sabata ziwiri.

Msungichuma: Mafuta kawiri? Anthu 11 sanasonkhebe ya mwezi watha.

Mlembi: Nanga abambo sakutsekedwa bwanji? Yawo ndiye yachangu.

Msungichuma: Alembi, yambani ndinu.

Nachisale (Joni): Za maulendo awiri ndavomera, wachiwiriwo ndilipira theka. Koma mtima sunakhazikike.

Wapampando: Tivota Lamulungu madzulo. Inu 11, mukudzidziwa.