Pampu ikungozima yokha pa underload

Woyang'anira zitsime: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. ESP (pampu yamagetsi yomizidwa pansi) ya m'chitsime china cha mafuta kuno yazima kasanu sabata ino, VSD (makina owongolera liwiro la mota) ikulemba underload (katundu wa mota wachepa kwambiri) nthawi zonse. Ma amp akungokwera n'kutsika ngati mano a sowo, kenako zii. Ndinakweza liwiro kuchoka pa 52 Hz kufika pa 60 poganiza kuti pampu yafooka, koma m'pamene zanyanya.

Wa zamagetsi: Kebulo mwaiyeza ndi megger (choyezera ngati magetsi akuthawa)?

Woyang'anira zitsime: Tayeza, ilibe vuto. Ma phase onse atatu akufanana.

Injiniya wa mapampu: Ndiye magetsi asiyeni, achimwene. Ameneyo ndi gasi. Tationetsani intake pressure (pressure ya pakamwa pa pampu) ya pa gauge ya pansi, ndi bubble point (pressure imene gasi amayambira kutuluka m'mafuta) ya mafuta a chitsimecho.

Woyang'anira zitsime: Pa 60 Hz intake ikutsika mpaka 620 psi. Bubble point ndi 1,100.

Injiniya wa mapampu: Ndi pomwepo. Pampu ikukoka mafuta ambiri kuposa amene nthaka ikupereka, mlingo m'chitsime ukutsika, gasi n'kumatuluka m'mafutamo asanalowe m'pampu. Ma impeller akadzaza thovu amangozungulira osanyamula kanthu, katundu wa mota n'kupepuka, ma amp n'kugwa. Kukweza Hz kuja kunangowonjezera njala ya pampu. Tsikirani pa 54. Liwiro likatsika ndi 10 peresenti, zopopedwa zimatsikanso ndi 10, head (kutalika kumene pampu ingakankhire mafuta) ndi 19, mphamvu ya mota ndi 27. Komanso onani valavu ya casing (paipi yaikulu ya chitsime). Ikakhala yotseka, gasi wa mu annulus (mpata wa pakati pa casing ndi paipi yotulutsira mafuta) amasowa potulukira, amakankhira mafuta pansi mpaka pakamwa pa pampu.

Mkulu wa workover (ntchito yokonza zitsime): Zoona, koma musatsike mopyola. Mota imazizira ndi madzi ndi mafuta odutsa m'mbali mwake, ndipo amafunika kuyenda pafupifupi phazi limodzi pa sekondi. Ndatulutsapo mota zopsa chifukwa cha zimenezi, ntchito yake ndi yowawa. Pampu nayo ikamapopa zochepa kuposa mlingo wa pa curve (tchati cha opanga pampuyo), ma impeller amakhuzika pansi ndi downthrust. Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa: ikazima, mukumadikira musanayatse? Mafuta a mu tubing (paipi yotulutsira mafuta ija) akamabwerera pansi amazunguza pampu chammbuyo. Mukayatsa nthawi imeneyo, shafiti ikhoza kuthyoka.

Woyang'anira zitsime: Apo ndivomere, anyamata a usiku amangoyatsa pompo. Ndaika restart delay (nthawi yodikira isanayakenso) tsopano. Valavu ya casing ndaipeza yotseka theka, ndaitsegula.

Wa zamagetsi: Ngati VSD yanu ili ndi PID (chowongolera chodziyendera chokha), iuzeni izitsata intake pressure, izisintha Hz yokha.

Woyang'anira zitsime: Tadutsa maola 36 pa 54 Hz osazima. Intake yakhazikika pa 890 psi, ma amp akuyenda mzere umodzi, mota sikutentha.

Injiniya wa mapampu: Mukadali pansi pa bubble point, choncho gasi alipobe, kungoti pampu ikumukwanitsa. Tsiku lodzaitulutsa mudzaike gas separator (cholekanitsa gasi ndi mafuta), ndipo saizi ya pampu mudzaiwerengenso ndi well test yatsopano.