Atolankhani ndithandizeni: mawu oti "lead" ndiwaphunzitse bwanji m'Chichewa?

Moni akuluakulu nonse, makamaka inu amene mwakhalitsa pa ntchito yolemba nkhani. Ndimagwira ntchito pa wailesi ina ya m'dera, ndipo andipatsa udindo wophunzitsa achinyamata otitumizira nkhani kuchokera m'midzi. Iwowa amalemba m'Chichewa, ndiye kabuku kowaphunzitsira ndikufuna kakhalenso m'Chichewa.

Pandivuta ndi pa mawu oti "lead". Mkonzi akatchula mawuwa, nthawi zina amanena ndime yoyamba ya nkhani, ija imafotokoza amene wachita chinthu, chimene wachita, malo ndi nthawi. Nthawi zina amanena nkhani yaikulu ya tsikulo, yoyamba kuwerengedwa. Kwinanso amatanthauza kuti wina wamutsina khutu, pali nkhani yofunika kuilondola. Kodi ndiwasiye m'Chingerezi momwemo, kapena tanthauzo lililonse ndilipezere mawu akeake? Nkhawa yanga ndi yoti anawa akadzapita ku sukulu ya utolankhani ya MIJ kapena ku yunivesite ya MUBAS asakasowe pogwira.

Mkonzi wopuma pantchito: Mwana wanga, siyanitsani. Lembani "ndime yoyamba", "nkhani yaikulu" ndi "potsina khutu", chilichonse ndi chitsanzo chake. Ndipo pali lachinayi limene simunalitchule. M'nyuzipepala za ku Britain, ndemanga ya mkonzi amaitcha "leader". Mwana wosadziwa angaganize kuti akunena mtsogoleri. Ife m'nthawi yathu ndime yoyambayo tinkangoti "intro", ndipo chisokonezo chimachepa.

Mayi wa ntchito yosindikiza: Achimwene, ine ndionjezepo za kwathu kosindikiza. Mawu oti "lead" omwewa amatanthauzanso mtovu, koma katchulidwe kake ndi kena. Kale zilembo ankaziumba ndi mtovu wosungunula pa makina a Linotype, amene Ottmar Mergenthaler anapanga ndipo nyuzipepala ya New York Tribune inayamba kugwiritsa ntchito mu 1886. Tizitsulo ta mtovu ndi timene ankaika pakati pa mizere, n'chifukwa chake mpata umenewu mpaka lero pa kompyuta umatchedwa "leading". Atolankhani ambiri a ku America ndime yoyamba amailemba "lede". Ophunzira anu akadzaona zimenezi pa intaneti asadzati wolembayo waphonya.

Wowerenga nkhani pa wailesi: Ine sindikugwirizana ndi zochotseratu Chingerezi. M'chipinda cholembera nkhani palibe mkonzi amene angakuuzeni kuti "bweretsa ndime yoyamba" nthawi ikatha. Aphunzitseni zonse ziwiri, koma pa wailesi pazimveka Chichewa chokhachokha.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi cha nthawi ya chisankho. Nkhani ikabwera m'Chingerezi kuti wakutiwakuti "leads", womasulira azinena kuti "akutsogola pa mavoti amene awerengedwa pakadali pano", asafupikitse. Agogo akumva wailesi kumudzi akangomva "watsogola" amati wapambana, achinyamata n'kuyamba kuvina m'misewu. Kumbukirani kuti chichokereni chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chija chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, wopambana pa mpando wa pulezidenti amayenera kupeza mavoti opitirira theka. Munthu akhoza kutsogola onse koma osafika pamenepo. Wolengeza wopambana ndi bungwe la MEC, osati ife.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Bambo mkonzi, ndatenga maganizo anu, ndipo mawu a Chingerezi ndiwaika pambali pa chitsanzo chilichonse monga anenera owerenga nkhani pa wailesiwa. Za chisankhozo zikhala ndi tsamba lakelake. Koma "potsina khutu" pakundikayikitsabe, chifukwa nthawi zina mtolankhani sanauzidwe ndi munthu, wangoona yekha kuti mankhwala pa chipatala akutha msanga kapena mjigo watsopano wafa mwezi usanathe. Pamenepo mungati chiyani?

Mkonzi wopuma pantchito: Pamenepo lembani "poyambira kufufuza". Ndipo muwauze kuti zimenezo sizipita pa wailesi mpaka atafunsa mbali zonse ziwiri.