Thirakitala ya MF 290 ya pa okushoni ya pa intaneti, akufuna dipoziti lero lomwe

Wofunsa:
Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Thirakitala ya Massey Ferguson (MF) 290 pa okushoni ya pa intaneti, maola omwe yagwira ntchito akuti 2,100, penti waliwali. Bidi yanga anaiposa kumapeto kwenikweni. Mmawa uno kwabwera imelo, ati wopambana uja walephera kulipira ndiye andipatsa ine pa mtengo wanga womaliza, bola nditumize 30 peresenti pasanathe maola 24. Akauntiyo ili m'dzina la kampani yonyamula katundu, ati ndi escrow, yosungira ndalama mpaka katundu atafika. Ndapempha vidiyo, ati mwiniwake ali pa ulendo ndipo makina atsekeredwa. Mvula ili pafupi, olimitsa akundidikira. Ndilipire kapena ndisiye?

Madala wa Dizilo:
Musalipire. Chitsulo amagula atachigwira ndi manja. Pitani mukaione, mukalephera tumani makaniko amene mukumulipira ndinu. Mufike mmamawa isanalizidwe, muyambe mwagwira manifodi ya ekizozi. Ikakhala yofunda ndiye kuti aitenthetseratu kuti musaone mmene imavutira kulira. Ikalira tsegulani potsirira oyilo: mpweya wotuluka mwamphamvu ndi utsi, maringi atha. Oyilo wooneka ngati mkaka, madzi akulowa. Zimenezi chithunzi sichingakuuzeni.

Wa Mapepala:
Achimwene, za injini zidikire kaye, thirakitalayo mwina kulibe n'komwe. Njira imeneyi ndi yakale: akathyali amaonerera okushoni yeniyeni, ikatha n'kulembera amene aluza, akudzitcha eni okushoni. Musayankhe imeloyo, ndipo linki iliyonse ili mmenemo musaidine. Lembani nokha adiresi ya webusaiti ya okushoniyo, mulowe mu akaunti yanu. Ngati akupatsanidi mwayi wachiwiri, uonekera mmenemo pamodzi ndi invoisi. Kenaka imbani pa nambala yomwe ili pa webusaitiyo, osati ya pansi pa imelo, muwawerengere nambala ya akaunti mwapatsidwayo, anene okha ngati ndi yawo.

Muonenso adiresi ya wotumiza chilembo ndi chilembo. Amasintha chimodzi chokha, l kukhala 1, kapena r ndi n kugundizana kuti zioneke ngati m. Ndipo escrow yosankhidwa ndi wogulitsa, amenenso akuti ndiye wonyamula katundu, si escrow ayi. Ndi thumba limodzi la munthu mmodzi.

Wofunsa:
Koma webusaiti ya kampani yonyamulayo ili ndi kaloko kaja pamwamba, ndi nambala yotsatira katundu andipatsa kale.

Wa Mapepala:
Kalokoko kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa m'njira. Sikanena kuti mwini webusaiti ndi wachilungamo, wakuba naye amakapeza kwaulere. Nambala yotsatira katundu amapanga okha pa webusaiti yawo yomweyo. Fufuzani dzina la webusaitiyo pa WHOIS, pofufuzira kalembera wa maina a mawebusaiti, muone tsiku lomwe inalembetsedwa. Kampani yodzitama kuti yakhala zaka 15 koma adiresi yake ndi ya miyezi iwiri, pamenepo funso layankhidwa. Zithunzi za thirakitalayo ziponyeninso pa Google Lens. Kawirikawiri mupeza zomwezo pa malonda akale a dziko lina, mitengo ndi mpanda wakumbuyo zili chimodzimodzi.

Spanala:
Ine chandikayikitsa ndi maola. 290 ndi thirakitala yakale, 2,100 yachokera kuti? Mita yake imayenda ndi kebulo yochokera ku injini. Kebulo ikaduka, kapena wina akaimasula, maola amaima pomwepo thirakitala ikulimabe. Ena amangosintha wotchi yonse. Za ECU, kakompyuta koyendetsa injini, n'za makina atsopano, uko ndiye dila amatha kulumikiza kompyuta n'kufanizira maola a mkati ndi a pa dashibodi. Pa yakale umboni ndi kutha kwa zitsulo. Chopondera kilatchi chikasalala mpaka mizere yake kufufutika, bowo la drawbar (chitsulo chokokera ngolo) likatalika ngati dzira, mipira ya kumikono ya haidiroliki ikamagwedera, siteringi ikamazungulira kwambiri matayala asanamve, imeneyo yagwira ntchito yoposa imene mita ikunena. Penti watsopano pa thirakitala ya okushoni ndimamuopa kuposa dzimbiri, makamaka akapopera ndi mapaipi omwe, mawaya ndi manipo a girizi. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Amabisa podontha oyilo ndi powotcherera.

Madala wa Dizilo:
N'zimene ndikunena. Zonsezi muzionera pa foni? Kwezani khasu m'mwamba, muzimitse injini, mudikire mphindi 10 muone ngati mikono ikutsika. Lowetsani PTO, shafiti yakumbuyo yozungulitsa zida, mumve kulira kwake. Pitani mukaione basi.

Wa Mapepala:
Madala, kuona n'kofunika, sindikukana, koma sikutha nkhani. Thirakitala yobedwa imalira bwinobwino. Ya chikole cha ngongole nayonso imakweza khasu, kenaka obwereketsa ndalama n'kubwera kudzaitenga m'manja mwa wogula, malinga ndi malamulo a kumene muli. Nambala ya pa kapuleti kokhomedwa ndi fakitale pa thirakitala, ya pa invoisi ndi ya pa mapepala a umwini zifanane chilembo chilichonse. Maiko ambiri ali ndi kaundula wa katundu wa chikole, fufuzani ndi nambala imeneyo musanabide, osati mutalipira. Funsaninso dila wa mtunduwo ngati nambalayo ikugwirizana ndi modelo ndi chaka chimene akunenacho. Dzina la wogulitsa pa mapepala likasiyana ndi la pa akaunti ya kubanki, imani pomwepo.

Spanala:
Kuwonjezera pa za kapuleti: yang'anani maliveti ake. Akakhala atsopano onyezimira pa thupi lakale, kapena m'mbali mwake muli zokalika, kachotsedwapo. Injini ya Perkins ili ndi nambala yakeyake pa buloko. Zilembo ziwiri zoyamba zimanena mtundu, LF ndi 4.248, LD ndi 4.236. 290 imayenera kukhala ndi 4.248, ndiye mukapeza LD funsani kuti injini inasinthidwa liti, chifukwa chiyani. Malo a nambala akaoneka opalidwa ndi girayinda, musafunsenso chilichonse, chokanipo.

Wonyamula Makina:
Ngati kupita n'kosatheka, vidiyo yojambuliratu musaivomere. Muimbirane pa vidiyo pompopompo. Muwauze alembe tsiku la lero ndi mawu amene mwasankha inu pa pepala, aliike pa boneti, kenaka ayende ndi foni osadula kuchoka pa kapuleti, kupita pa nambala ya injini, pa mita, n'kuiliza. Amene ali ndi makina zimenezi ndi mphindi zisanu. Amene alibe ayamba nkhani: netiweki, makiyi ali ndi mlonda, ndili kunja kwa dziko.

Chinanso, dipoziti sikhala yomaliza. Mukatumiza kubwera ya inshuwalansi, ati mudzabwezeredwa katundu akafika. Kenaka ya kasitomu, kenaka ya posungira. Munthu amapitiriza kulipira poopa kutaya zoyamba zija. Akatchula Western Union, kripito kapena makadi a mphatso, dziwani kuti asankha dala njira yovuta kubweza. Ngakhale ya kubanki ikangotuluka kuibweza n'kovuta, ndiye amene watumiza kale aimbire banki yake ola lomwelo, asunge maimelo onse, akanene kupolisi ndi kwa eni okushoni enieniwo.

Madala wa Dizilo:
Vidiyo simva fungo la kilatchi yopsa. Ndalama ya ulendo ndi yochepa poyerekeza ndi giyabokosi. Wokana kuti muione, kaya akhale ndi mapepala angati, musamupatse kanthu.

Wa Mapepala:
Ndi okushoni yeniyeni yomwe ili ndi minga yake, anthu sawerenga malamulo. Pamwamba pa bidi pamabwera buyer's premium (ndalama imene eni okushoni amalipiritsa wogula), msonkho, ndalama yokwezera pa lole, ndi ya posungira mukachedwa kuchotsa. Mawu oti as is, where is akutanthauza kuti chilichonse chofa ndi chanu nyundo ikangogunda. Lipoti la oyendera makina liwerengeni mofatsa: akalemba kuti injini inalira koma sanaiyese ndi katundu, ndiye kuti haidiroliki ndi giya palibe wakulonjezani. Lembani mtengo wanu womaliza pa pepala okushoni isanayambe, zonsezi mutachotseratu. Pamakhala ma bidi ena ongokankha mtengo, akaunti yatsopano yokwera pang'onopang'ono pa katundu wa wogulitsa mmodzi yekha, koma siipambana.

Wonyamula Makina:
A Wofunsa, potumiza lole muuze dalaivala ajambule mbali zonse zinayi asanakweze, ndi batire, sitata, alitaneta ndi top link (mkono wapamwamba wokolekera khasu) yomwe. Zimasowa pakati pa tsiku la okushoni ndi tsiku lonyamula. A Spanala, 290 yo matayala akumbuyo akakhala odzaza madzi kulemera kumakwera ndithu, inu mumawatsitsa musanakweze kapena mumangomanga matcheni anayi momwemo?